Mabaji Opanda Chidindo a Kunsi kwa Mtakataka

Ndakhala ndikukonza mawotchi mu Limbe kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo ntchitoyi inandipatsa matenda amodzi: sindingagwire chitsulo osachitembenuza kuti ndione kumbuyo kwake. Anzanga ena amaweta nkhunda, ena mtima wawo uli pa mpira. Ine ndimatolera mabaji a asilikali a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, aja ankawasomeka pa chipewa. Mkazi wanga amawatcha zigoba za nkhono, ndipo ndinaleka kalekale kumuyankha.

Baji yeniyeni imakhala ndi chidindo kumbuyo, dzina la fakitale ya ku Ulaya imene inaipanga. Pa mabaji anga onse, asanu ndi awiri analibe chidindo. Kumbuyo kwake kunali kopalidwa ndi tupa pamanja, ndipo pa timakutu tiwiri topisamo waya, kakumanzere kanali kopendekeka mofanana pa onse. Dzanja linali limodzi, koma la yani? Asanu ndi imodzi ndinagula kwa Yohane, bambo wogulitsa ziboliboli wa ku Golomoti, amene ankabwera nawo mwa apo ndi apo. Yotsalayo sindinagule. Anandisiyira ndi mayi anga, amene anailandira kwa mayi awo. Ankati inali ya bambo awo, agogo anga a Sitefano, amene anapita ku nkhondo iwo ali khanda lakumsana, osabwerakonso.

Achibale athu a ku Bangwe anali ndi nkhani yawo. Ankati nkhondo yake iti, munthuyo anathawira ku Halale ndi mkazi wina, ndipo agogo aakazi anangogula kachitsulo pamsika kuti abisire manyazi. Mayi anamwalira mawu amenewa akuwawawabe. Tsono nditatumiza zithunzi ku gulu la otolera anzanga pa foni, mkulu wina wa kunja, wa mabuku ambiri, anayankha mwachidule kuti onse asanu ndi awiri ndi abodza, osulira alendo odzaona malo. Zinandipweteka kwambiri. Zinali ngati wakhala pansi ndi a ku Bangwe aja n'kugwirizana nawo.

Mu Januwale, mvula ili pakati, kunabwera mphunzitsi wina wopuma ntchito kudzakonzetsa wotchi. Ali kudikira anasuzumira m'kabati yanga yagalasi naloza mabaji aja. Anati kwawo, kunsi kwa Mtakataka, kuli nkhalamba ina, a Zakeyu, mwana wa mmisiri wosula zitsulo, imene imasunga kachikombole ka dongo kokhala ndi chithunzi chomwecho. Anandipatsa nambala ya mwana wawo wamkazi, a Nachisale. Nditaimba, mayiwo sanachulutse gaga m'diwa. Anati bambo awo asiya kudya, ngati ndikufuna kuwapeza akulankhula ndinyamuke mawa lomwe, ndipo ndibwere nawo onse asanu ndi awiri, ndisasiyeko ngakhale imodzi.

Ndinafika pa depoti ya Limbe kutangocha, mabaji ali m'kachitini ka tiyi, iliyonse m'kansalu kake. M'minibasi munali kale anthu asanu ndi mmodzi, ndipo ndinadziyamikira kuti ndasankha bwino. Patatha ola ndinazindikira kuti anayi mwa iwo anali aganyu ongofunditsa mipando kuti ife tikopeke. Akakwera munthu weniweni, mmodzi wa iwo ankatsika ngati wakumbukira kuti wasiya mphika pamoto. Munthu wokonza mawotchi asamakwere minibasi. Wina aliyense amangoti tachedwa, koma ine ndinkadziwa kuti tachedwa ndi maola awiri ndi mphindi khumi, ndipo mphindi iliyonse ndinkaichotsera pa mpweya wa nkhalamba imene sindinaionepo.

Pa Zalewa anatitsitsa tonse kuti aone katundu. Wapolisi wina anandipempha kuti nditsegule kachitini. Anafunsa ngati ndi golide, ndinati ndi mkuwa chabe. Anatola baji imodzi, naitembenuza ndendende mmene ndimachitira ine, n'kunena kuti ilibe dzina. Anandibwezera mwaulemu ndithu, koma mawu akewo anandiperekeza mpaka ku Phalula, ndikumuyankha mumtima zinthu zimene sindinamuyankhe pamaso.

Titadutsa pa Chingeni, dalaivala wathu anaganiza kuti phindu lili ku Ntcheu. Anatitsitsa pa mphambano ya msewu wa ku Salima n'kutigulitsa kwa mnzake ngati mbuzi. Mnzakeyo anali ndi minibasi yomanga chitseko ndi chingwe, ndipo kondakitala wake anakweza mtengo ponena kuti kutsogolo msewu waonongeka. Tinakangana naye, tinalephera, tinakwera. Ine anandipanikiza pakati pa matumba a feteleza ndi mwini wake, mayi wina wolima mpunga ku Bwanje, wa pakamwa posatopa. Anandifotokozera za mbalame zodya mpunga, za mlamu wake waulesi, za bondo lake. Anatinso zaka zapitazi madzi akhala akulusa kumunsiko, kuti m'midzi ina mtsinje unadya mbali ya manda mpaka anthu ankatola zinthu za akufa pamchenga. Ndinangoti pepani, maso ali pa wotchi.

Tayala linaphulika titangopitirira Bilira. Lapadera linalipo, koma linalibe mpweya, ndipo dalaivala analiyang'ana modabwa ngati ndi koyamba kukumana nalo. Kondakitala analikweza pa njinga ya kabaza kubwerera nalo kumsika. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, mvula ikuwaza, maola atatu athunthu. Ndinaimbira a Nachisale kuwauza kuti ndili m'njira. Anati m'mawa bambo awo anamwa madzi pang'ono, anafunsa ngati wa ku Limbe uja wafika, kenako anagona. Ndinawafunsa ngati akuona kuti afika mawa. Anati iwo si Mulungu, n'kudula foni.

Apa ndi pamene mantha anandigwira zenizeni. Ndinayamba kudzifunsa kuti kodi ndikuthamangira chiyani. Nkhalambayo ikanena kuti bambo ake ankasula mabaji ogulitsa pamsika, ndiye kuti a ku Bangwe apambana, ndipo ine ndawononga masiku kukagula manyazi a mayi anga. Pa mtengo wa mango paja ndinatsala pang'ono kuwoloka msewu n'kuimitsa galimoto yobwerera. Chinandiletsa ndi kunyada kwanga basi, poganiza za nkhope ya mkazi wanga ndikabwerera chimanjamanja.

Tinafika pa Golomoti dzuwa litapendeka, n'kupeza magalimoto ali mndandanda. Kutsogolo madzi anali atadula msewu pa kamlatho kena, ndipo panalibe wowoloka mpaka ataphwera. Mayi wa mpunga uja anatsitsa matumba ake nanditsanzika ngati mbale wake. Ine ndinati poti ndagwidwa kale, ndifufuze kwawo kwa Yohane, mwina angandiuze kumene ankawatenga mabaji aja, chifukwa nthawi zonse ndikamufunsa ankangoti kumidzi. Ndinafunsa amayi ena ogulitsa tomato. Atamva dzinalo anasiya kuseka. Mmodzi anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa, nafunsa ngati ndine wogula uja wa ku Blantyre. Ndinavomera monyadira ndithu. Anatembenuka n'kuyamba kupanga milu ya tomato imene inali yopangidwa kale, ndipo palibenso amene anandilankhula. Ndinaganiza kuti Yohane anawalakwira pa nkhani za akazi. Ndinapeza kachipinda kogona alendo, ndipo za kumeneko palibe chokamba kupatula udzudzu.

M'mawa madzi anali atatsika kufika m'chiuno. Abambo a m'deralo anali atatsegula kale ntchito yobereka anthu kumsana. Ndinayamba ndakana. Ndinati ine munthu wa imvi, wa jekete, sindingaberekedwe ngati mwana wopita ku sikelo. Ndinavula nsapato, ndinaponda m'madzi, mwala unaterera, ndipo kachitini kanatsala pang'ono kundipulumuka. Ndinabwerera mwakachetechete n'kukwera pamsana pa bambo wina wamfupi, wamphamvu ngati ng'ombe yapangolo. Ndinawoloka miyendo ili lendelende, chitini ndachigwirira pamutu ndi manja awiri, amayi akutsidya akundiseka osabisa.

Kutsidyako ndinakwera njinga yamoto. Tinadutsa mphambano ya ku Mua, anthu akukwera chitunda kupita ku chipatala, ena pa njinga, ena wapansi. Tisanafike pa Mtakataka tinakhotera kumunsi, m'kanjira ka matope pakati pa minda ya chimanga chofiirira ndi madzi. Kawiri konse ndinatsika kuti tikankhe. Pofika pamudzi, thalauza langa linali losazindikirika, ndipo chinthu choyamba ndinatchera khutu kuti ndimve ngati kuli kulira kwa maliro. Kunali zii, ndipo ndinapumira m'mwamba.

A Nachisale anali mayi wa msinkhu wanga, wowonda, wosaseka. Ananditengera kukhonde kumene bambo awo anagona pamphasa, miyendo itatupa, maso atayera ndi ng'ala. Ndinagwada n'kupereka moni. A Zakeyu sanafune za moni wautali. Anatambasula dzanja. Ndinawaikira baji imodzi, ndipo sanaiyandikize n'kumaso komwe. Chala chawo chachikulu chinapita molunjika kumbuyo, pa kakhutu kopendekeka kaja, n'kuima pomwepo. Anatero ndi onse asanu ndi awiri, akuwandandalika pachifuwa pawo. Kenako anauza mwana wawo kuti atenge chija chili m'dengu. Chinali chikombole cha dongo lootcha, chong'aluka pakona. Ndinaikamo baji imodzi ndipo inalowa ngati phazi m'nsapato yake.

Ndisaname, ndinasangalala. Zaka zonsezi ndikufunafuna dzanja limeneli, ndipo nali. Ndinatulutsa kabuku kanga ndi cholembera, ndikuganiza kale mmene ndikamuyankhire mkulu wa mabuku uja. Ndinafunsa dzina la bambo awo, chaka, ndi kumene ankaupeza mkuwa.

Anayankha pang'onopang'ono, akupumira pakati. Anati nkhondo itatha, amuna ena a m'midzi imeneyi anabwerako, ena ayi. Za osabwerawo kunkangofika mawu, popanda mtembo, popanda ngakhale malaya. Mwambo wa kuno, munthu akafera kutali, amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu pamodzi ndi kanthu kake ka malemuyo, n'kuika m'manda kuti maliro athe ndipo mkazi amasulidwe. Koma anyamata amenewa anapita ali osauka, ndipo kanthu kalikonse kawo anapita nako. Ndiye msilikali wina wobwerako anabwereketsa baji yake, imene inali itapindika kakhutu, ndipo bambo awo anaidinda m'dongo. Anasungunula makoko a zipolopolo ndi nyali ina yakale pa chipala chawo. Banja lililonse lotaya mwana linalandira baji imodzi yoti iikidwe pamodzi ndi nthochi. Sanalandire kanthu pa ntchitoyo. Dzina sanalembepo chifukwa ankaopa boma, komanso chinthu chopita pansi sichifuna dzina la wochipanga.

Cholembera chinali chitaima kale. A Zakeyu anatembenuzira nkhope kumene kunali mawu anga.

"Bambo anga anasula asanu ndi atatu. Onse analowa m'manda ine ndikuona, kupatula imodzi. Tsono inu, bambo a ku Limbe, mwawatenga kuti?"

Ndinatchula Yohane. Ndinati ndinagula, sindinabe. Mawu anga ankamveka ngati a mwana wogwidwa ndi shuga pakamwa. A Nachisale ndiwo anamaliza nkhaniyo, ataimirira, manja ali kumbuyo. Anati chaka chimene mtsinje unagumula mbali ya manda akale, anthu anatola tizitsulo tinayi pamchenga. Yohane anatigula natenga ulendo wa ku Blantyre. Atabwerako anauza anzake kuti kuli bambo wina amene wati akapezeka ena abwere nawo, adzawonjezera mtengo. Mtsinje unali utaleka kupereka. Patapita miyezi, anthu opita kukaika maliro ena anapeza manda awiri akale atakumbidwa.

Mawu amenewo ndinawanenadi ine. Ndikukumbuka ndi tsiku lake, ndikumupatsa Yohane fanta pa shopu yanga. Ndipo chimene chimandidya kwambiri n'chakuti maso anga anaona zonse. Anayi oyambawo anali osalala m'mbali, odyeka ndi mchenga. Awiri omalizawo anali akuthwa bwino, a dzimbiri lobiriwira, ndipo pa imodzi panali kaulusi ka nsalu katakanirira pa kakhutu. Ndinakachotsa ndi kachitsulo kanga kotolera tizipangizo ta wotchi, mosamala, ndikuyamikira kuti awa ndiye asungidwa bwino. Munthu amene ndimadzitama kuti ndimawerenga chitsulo ngati kalata, sindinafunse kuti nsalu imeneyo inali ya chiyani. Pakhonde paja ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chibadwire, ndipo ndinalakalaka madzi a pa Golomoti akanandikokolola ndi chitini changa.

Ndinafunsa ngati tingabwezere iliyonse pa manda ake. A Zakeyu anati chikombole chinali chimodzi, angasiyanitse ndani?  Kenako dzanja lawo linayenda pachifuwa n'kusankha imodzi, yosalala pamaso chifukwa chogwiridwagwiridwa. Anati iyi sinagonepo m'dothi. Ndinati ndi ya mayi anga, ndipo ndinatchula dzina la agogo.

Anawadziwa. Anati a Sitefano anali wamtali, wodziwa kuimba ng'oma, ndipo anakwera sitima pa Mtakataka pamodzi ndi anzawo, mudzi wonse ukuona. Amene anabwerako anati a Sitefano anafa ndi malungo m'nkhalango za kutsidya kwa nyanja yamchere. Mkazi wawo anali wa chitengwa, wochokera kummwera. Tsiku loti adule nthochi, iye anakana. Anati sanaone mtembo, ndipo saika mwamuna wake ali moyo. Analanda baji m'manja mwa apongozi ake, anabereka mwana kumsana, nakwera sitima, ponena kuti asilikali onse amatsikira ku Limbe, akamudikira komweko.

Ndiye kuti a ku Bangwe ananama. Ndinayenda ulendo wonsewu kuti ndimve zimenezi, ndipo nditazimva sindinapeze pozisangalalira. Ndinangoona agogo aakazi mmene ndinkawadziwira ndili mwana, akugulitsa zitumbuwa pafupi ndi siteshoni, malo amene sankafuna kusintha ngakhale malonda atavuta chotani. Ife tinkati ndi kuuma mutu kwa ukalamba.

"Anzake onse anagona," anatero a Zakeyu. "Uyu yekha mpaka lero sanaikidwe. Mwabwera naye, musabwerere naye."

Ndinakhala pamudzipo masiku anayi. A Nachisale anandiperekeza kwa zidzukulu za mlongo wawo wa agogo a Sitefano, anthu a magazi anga amene sindinkadziwa kuti alipo. Anandilandira, anandipatsa mpando, koma nkhani ya wogula wa ku Limbe inali itandiyambira kufika. Akuluakulu anakambirana okhaokha, ine nditakhala poteropo ngati wodikira chigamulo. Anagwirizana kuti agogo aikidwe mwa mwambo wake, ndipo mabaji asanu ndi imodzi aja akulungidwe pamodzi n'kugona m'dzenje lomwelo, poti eni ake sangadziwikenso. Ndinaimbira mkazi wanga kumuuza kuti ndili pamaliro. Anafunsa kuti a ndani. Nditamuuza, sanatchulenso za zigoba za nkhono.

Nthochi anaidula m'mawa wa tsiku lachinayi kuseri kwa nyumba ya a Zakeyu, iwo akumva ali pamphasa pawo. Nsalu ndinagula ine pa Mtakataka. Baji ya mayi ndinaimangirira ndekha pa thunthupo. Panalibe wolira mokweza. Amene akanalira anatha kale, ndipo otsalafe tinkaika munthu amene sitinamuonepo.

Ine anandilola kupita kumanda pamodzi ndi adzukulu okumba. Dothi linali lofewa ndi mvula, ndipo ntchito inkayenda msanga. Dzenje litafika m'chiuno, mmodzi wa iwo anaponya khasu kunja nati pakwana, si munthu weniweni, ndi nthochi chabe. Mkulu wawo, bambo wa ndevu zoyera amene sanandilankhulepo chifikireni, anatola khasulo n'kumubwezera. Sanandiyang'ane.

"Kumbani ndithu," anatero. "Ku Limbe kuli ogula."

Anakumba mpaka mitu yawo inabisika, ndipo palibe amene anandipempha kuti ndigwireko khasu.